Mpando Woyandikana ndi Apongozi

Dorika, amake Faith, anakwatiwa kwa a Zikhalo zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, ndipo m'zaka zonsezo apongozi ake aamuna, a Gervazio Zikhalo, ankawadziwa bwino kuyambira m'mawondo kutsika m'munsi. Nsapato zawo zonse ankazidziwa, ngakhale ija yokhota chidendene. Nkhope ankaiona mwakuba, chifukwa mtengwa wolangizidwa bwino akaona apongozi amagwada, maso pansi, ndipo pampando sakhala iwo alipo.

Koma pa mafoni Dorika analibe manyazi. Foni ikagwera m'ndowa kapena ikakana kulowa moto, anthu a m'midzi ya ku Kasina ankabwera nayo kwa iye. Ankaitsegula ndi kampeni kosendera kachewere, n'kuipukuta ndi mswachi wakale mpaka ilire. Tsono atamva m'tchalitchi kuti kwabwera bungwe lofuna amayi khumi ndi awiri oti akaphunzire kukonza mafoni ndi makompyuta ku Boma, mtima wake unadumpha. Sukulu anaisiyira Folomu 2, ndipo ankadziwa kuti akaphonya apa m'kalasi sadzalowamonso.

Tsiku la mayeso kunazizira monga kumazizirira ku Dedza mu Juni, nkhungu itameza phiri lonse. Amayi makumi anayi anadzaza holo ya tchalitchi atafunda zitenje ziwiriziwiri. Kutsogolo kunali tebulo limodzi, laputopu imodzi ndi mipando iwiri yogundana. Mphunzitsi wochokera ku bungwelo ku Lilongwe, mayi Bernadetta, anafotokoza kuti aliyense apatsidwa mphindi khumi kuti alembe dzina lake, mudzi wake ndi chifukwa chimene akufunira maphunzirowo. Mpando winawo unali wa mboni, munthu wolemekezeka woti aziona kuti pasakhale kukondera.

Mboniyo itakhosomola n'kuimirira, Dorika anagwetsa maso pansi msanga. Anali a Gervazio, atavala jekete lawo la pa Pasaka. Analankhula mphindi makumi awiri zathunthu: dziko lasintha, amayi asamaope makina, iwo ndi munthu wachitukuko kuyambira kalekale. Amayi anawomba m'manja, ena pogwirizana nawo, ambiri pofuna kutenthetsa zala.

Dzina la Dorika linaitanidwa malo atangotsala awiri. Anayenda chowerama, anafika patebulo, n'kugwada pasimenti. Chibwano chinangofika m'mphepete mwa tebulolo. Anakweza manja ngati akuyanika zovala, nayamba kufufuza zilembo.

"Mayi, khalani pampando," anatero mayi Bernadetta.

"Pano pali bwino, amadamu."

Panalibe pabwino ngakhale pang'ono. Laputopu ukaiyang'anira m'munsi galasi lake limada, ndipo Dorika sankaona chimene akulemba. Mayi Bernadetta anasuzumira, napukusa mutu.

"Dzina mwalembali, mayi, ngakhale ansembe sangabatize nalo munthu. Mphindi zinayi zapita."

Kumbuyo amayi anayamba kusekera m'zitenje. Onse ankadziwa pamene panagona vuto, kupatula mphunzitsi wa ku Lilongweyo ndi munthu wachitukuko uja, amene anali kalikiliki kuyang'ana wotchi yake. Dorika anayang'ana mpando, misozi n'kulengeza. Anapsa mtima, koma woti amupsere mtima sankamuona. Akakhala, pofika madzulo mudzi wonse ukhala utamva kuti mtengwa wa kwa Zikhalo wagundana mapewa ndi apongozi ake pagulu. Akapanda kukhala, akalamba akutokosa mafoni pakhonde.

Mayi wina wachikulire, a Filomena, analephera kupirira.

"A Zikhalo, wotchiyo ikuthawani kodi? Mwanayo akhala bwanji inu muli pamenepo?"

A Gervazio anatsitsa maso, naona mpongozi wawo ali chigwadire, manja m'mwamba. Manyazi anawagwira. Kutuluka sakanatha, poti mboni ikachoka mayeso afa. Kumulankhula mwachindunji sanayambe achitapo chikwatiwire iye. Anakanda m'mutu, anaimirira, ananyamula mpando wawo n'kuutembenuza kuti uyang'ane khoma. Kenako anakhala atafulatira holo yonse ngati mwana wolangidwa m'kalasi.

"Amadamu," anatero akuuza khomalo, "auzeni amake Faith kuti kuno kulibe munthu. Mboni imvera m'makutu."

Amayi anafa nacho chiseko, koma Dorika sanaseke nawo. Anadzuka, nakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando, kenako anasunthira mkati pang'ono. Galasi lija linawala, zilembo zinaoneka bwinobwino. Anafufuta zonse zija, nalemba dzina lake ndi mudzi wake ndi chala chimodzi, koma mwachangu. Pa chifukwa analemba kuti watopa ndi kukonza zinthu mongoganizira, akufuna adziwe chimene chimachitika mkatimo.

"Nthawi yatha," anatero mayi Bernadetta. Anawerenga kawiri, namwetulira. "Lolemba mufike ku Boma ndi kope ndi cholembera."

Dorika anagwira tebulo kuti adzuke.

"Asadzuke," anatero a Gervazio akadali chifulatire. Mawu awo a pamsonkhano aja anali atatha, anatsala aang'ono. "Auzeni asadzuke kaye, amadamu. Ndikufuna nditembenuke."

Mpando wa mboni unayamba kukwekwereka pasimenti pang'onopang'ono. Dorika anachita mantha, mawondo ake akufuna kupita pansi okha. Anagwira mpando wake ndi manja awiri, nakhalabe pomwepo.