Chitseko cha Malemu Elifasi

Anthu ena manyazi anawaiwala m'mimba mwa amayi awo. Mmodzi wa iwo anali Chikoti.

Mkulu wake, Elifasi, anali mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Nsaru. Fodya atamuyendera bwino mu 1935, anakagula chitseko cha matabwa kwa mmisiri wa ku Namitete. Mudzi wonse unkatseka ndi mapesi, nyumba ya mkazi wake Tisiyenji yokha ndiyo inkalira kuti kwiii potsegula. Elifasi atamwalira, dothi la pamanda lisanaume n'komwe, Chikoti anabwera, nazula chitseko, nasenza. Ati katundu wa mwamuna ngwa kuchimuna. Nanga mphepo yolowa m'nyumba ya wamasiye nja kuchiyani?

Tisiyenji sanalire. Anakasuma kukhoti latsopano la kwa mfumu, lokhala ndi kalaliki ndi cholembera.

"Chinthu chokanganirana chizionekera pabwalo," anatero kalaliki. "Amene akuchisunga ndiye azibwera nacho."

Ndiye taganizani. Kuchoka kwa Chikoti kupita kukhotiko unali ulendo wonyamuka m'mamawa, kukafika dzuwa lili paliwombo. Chitsekocho chinali cha mlombwa, cholemera ngati tchimo. Kupatula tsiku lozula chitseko lija, bamboyo chibadwire anali asanasenzepo ngakhale mtsuko, nkhata kupota kwake osadziwa.

Tsiku loyamba mlandu unaimitsidwa, oweruza anali kumaliro. Lachiwiri mboni ya Tisiyenji, Hana, inadwala dzino. Lachitatu dzino la Hana linasamukira tsaya linalo. Popanda mboni palibe mlandu, choncho Chikoti ankabwerera ndi katundu wake, mphepo ya mu Ogasiti ikumupeperula uku ndi uku, khosi litalowa m'mapewa.

Njira yake inkadutsa kuseri kwa nkhokwe ya Tisiyenji. Ulendo wachitatuwo pobwerera anaima pomwepo.

"Alamu, madzi."

"Mumwa bwanji denga lili pamutu, alamu? Tulani."

Anatula. Anamwa zikho ziwiri, akuchiyang'ana chitsekocho ngati ng'ombe yomwe yamuponda.

"Chikhale pano mpaka Lachisanu. Ndidzachitenga popita."

"Pansi, kuti chiswe chidye? Kachiimikeni apo. Eya, pomwe munachizulapo. Anzanga, bwerani mudzaone mphamvu za alamu anga!"

Amayi anasiya mitondo nabwera. Chikoti, pofuna kuonetsa kuti akadali mwamuna, anachikhomerera yekha, n'kuyesa kawiri ngati chikutseka bwino.

Lachisanu Tisiyenji analawira. Hana anali atachira mwadzidzidzi, ndipo pambuyo pawo panali amayi asanu ndi atatu. Chikoti anapeza pakhomo pali loko, nafika kukhoti chimanjamanja, thukuta lili kamukamu.

"Chitseko chili kuti?" anafunsa woweruza, nkhalamba yogontha khutu limodzi.

"Andibera mayiwa!"

"Anakulandani panjira?"

"Ayi, ndinangochisiya."

"Anachiimika pakhomo ndani?"

"Iwowa!" anayankha amayi onse pamodzi.

"Misomali anakhoma ndani?"

"Iwowa!"

Nkhalamba ija inafwenkha fodya, niyetsemula. "Kwathu kuno munthu akabweza yekha mbuzi m'khola la mwini wake, natsekanso, sitimufunsa zambiri. Wavomera. Chitseko n'cha mayiwa. Kalaliki, lemba."

"Ndikachita apilo ku Boma ku Lilongwe!" anakuwa Chikoti.

"Kachiteni, alamu," anatero Tisiyenji akumanga bwino nsalu yake. "Ndi ulendo wa masiku awiri eti? Kumenekonso adzafuna kuchiona. Mukadzakonzeka mudzanene, ndidzakusenzetsani ndekha."

Chikoti anagwira khosi lake, nakhala pansi.