Mbali imene anakhala mayi Enia

Kalebe ankafuna kukwatira Ruvarashe mvula isanagwe. Chinatsala n'chakuti bambo Tobiyasi, bambo ake a mtsikanayo, anene tsiku loti amalume a Kalebe abwere kudzakamba za ukwati, koma mkuluyo ankangoti, "Tiona, mnyamata." Miyezi itatu ya tiona! Kalebe ankamata matayala pa msika wa Hauna, m'chigwa cha Honde, ndipo chubu chilichonse chimene ankamiza m'madzi pofuna pobooka, ankaonamo nkhope ya Ruvarashe.

Bambo Tobiyasi anali mlimi wa nthochi ku Ruda. Anali ndi chigalimoto chachitali chakalekale chimene chinkakoka tirela ya nthochi kupita ku Mutare. Akangoikolekera tirelayo, galimoto inkakhala pansi kumbuyo ngati galu wopempha fupa, magetsi n'kumaunika mitengo. Mwana wawo wa ku Joni anawatumizira bokosi la matumba awiri a mpweya, olowetsa m'kati mwa masipuling'i a kumbuyo kuti ukawapopa galimoto iwongoke. Mkuluyo ankati akaikitsa ku galaja ya ku Mutare.

"Baba, musavutike," anatero Kalebe, atanyonyomala potero, chipewa chili m'manja. "Kantchito aka ndi ka masana amodzi."

"Unaikapo?"

"Mpweya ndiye ntchito yanga, baba."

Kalebe anali atazemba funsolo, ndipo onse awiri anadziwa kuti sanaikepo.

Loweruka Kalebe anaikweza galimoto pa jeke pansi pa mtengo wa mapeyala. Anapinda thumba lililonse, kulifinya mpweya, n'kulikankhira pakati pa waya wa sipuling'i mpaka zala zinatupa. Kenako anayendetsa timapaipi tiwiri kukafika kubampala. M'bokosimo munali timalamba tomangira ndi kachitsulo kopyapyala kotchinga kapaipi ku moto wa ekizozi, paipi yotulutsa utsi ija. Kachitsuloko kanamuvuta. Anayesa kawiri, ndiye Ruvarashe anadutsa ndi ndowa pamutu, nati, "Amakanika, simunathebe?" Kalebe anakaponya m'bokosi, n'kusolola mphira ya chubu m'thumba mwake. Ku Honde kuno mphira imamanga chilichonse, mkoko panjinga, mpini wothyoka, paipi ya madzi a kudimba. Anakulunga kapaipi ka kumanzere ku chitsulo cha pansi pa galimoto, pamwamba pa ekizozi, n'kumanga mfundo yake yonyadira. Atapopa, galimoto inadzuka pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokhuta. Ruvarashe anaomba m'manja.

Lolemba m'mawa ananyamuka ndi mikoko yodzaza tirela. Kalebe anakhala kutsogolo ndi bambo Tobiyasi. Mayi Enia, amayi a Ruvarashe, anakhala kumbuyo kwenikweni kwa Kalebe, mwana wawoyo ali pambali pawo, kuti maso awo ndi mnyamatayo asakumane, pakuti kwawo mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana, ndipo mawu awo amadutsira mwa munthu wina. Anali mayi wathupi, ndipo anavala diresi la buluu la kutchalitchi chifukwa ankakaona mng'ono wawo kuchipatala.

Atadutsa Hauna msewu unayamba kukwera. Nkhungu inali itagona pa minda ya tiyi kumunsi, mathithi akuoneka patali ngati ulusi woyera, ndipo Kalebe anali kale paukwati wake, akusankha nyimbo yolowera. Injini inkabuula pa giya yachiwiri. Kafungo ka mphira yopsa kanamufika m'mphuno. Anatsegula windo n'kunena mumtima kuti ndi mabuleki a lole ya kutsogolo.

Pa khona lachitatu kunamveka phuu! kenako tsiii wautali. Galimoto inapendekera kumanzere, tirela inagwedeza mchira, mikoko iwiri n'kugubudukira mumsewu. Bambo Tobiyasi anaimika pafupi ndi pamene amayi ena ankagulitsa mapeyala, ndipo onse anatsika.

Mbali ya kumanja inali chiimire. Ya kumanzere inali itagwada, ndendende pamene panakhala mayi Enia.

"Mai Ruva!" bambo Tobiyasi anaseka mkazi wawo, akumenya bodi ya galimoto. "Ndinakuuzani ine, mbatata zija muzigawirako ana! Onani, mwaphulitsa katundu wa ku Joni!"

Amayi a mapeyala anafa nalo phwete. Kombi ina, minibasi yodzaza anthu, inachedwetsa liwiro, kondakitala n'kutulutsa mutu, akukuwira mayi Enia: "Mhamha, kwerani kuno, koma mulipira mipando iwiri!" Kombi yonse inaseka mpaka kukhona.

Mayi Enia sanaseke. Anakokera mpango kumaso, n'kuima chotembenukira kuphompho, akusalaza diresi lawo pamimba ngati angalichepetse ndi manja. "Ndipitirira pa basi," anauza mwana wawo motsitsa. "Ndisakuonongereni zina."

Kalebe anayang'ana nsapato zake. Akanangokhala chete, nkhani ikanathera pa mbatata. Mkuluyo sakanakwawa pansi pa galimoto ndi msana wake uja, ndipo mawa kapaipi katsopano kakanalowa wina osadziwa. Ruvarashe anali atagwira amayi ake paphewa, maso atafiira.

Kalebe anagona chagada pa phula lotentha n'kulowa pansi pa galimoto. Mphira inali itasungunuka, kapaipi katagwera pa ekizozi n'kubooka. Anakadula ndi mpeni, n'kutuluka nako, n'kugwada pamiyala. Sanatembenukire kwa bambo Tobiyasi. Anatembenukira kwa mayi Enia, chimene anali asanachitepo.

"Amayi," anatero, "si inu. Ndine. Chotchinga moto ndinachisiya m'bokosi, ndinamanga ndi mphira. Ngakhale pakanakhala mwana wakhanda pampandopo, chikanaphulika."

Amayi a mapeyala anasiya kuseka. Mayi Enia anabisa nkhope kwambiri, tsopano chifukwa mkamwini wawalankhula pamsewu, anthu akuona.

Bambo Tobiyasi anatenga kapaipiko, kukanunkhiza, n'kukatembenuza. "Mphira," anatero. "Pa ekizozi. Tirela ija ikanatikokera kuphompho, ukanatimanganso ndi mphira?" Anayang'ana mkazi wawo, n'kukanda m'mutu, pakuti nthabwala ija inali yawo. "Mai Ruva, lowani m'galimoto. Pepani."

Anaphwetsa thumba la kumanja kuti galimoto ilingane, ndipo inakhalanso pansi monga kale. Mkuluyo anakana kukwera mapiri ndi katundu yense galimoto ili chotero. Anatsitsa theka la mikoko n'kuiunjika m'mbali mwa msewu.

"Ukhala nazo pano mpaka ndibwere," anauza Kalebe. "Za amalume ako, tidzakamba tikakolola chimanga."

Chimangacho chinali chisanadzalidwe n'komwe.

Injini italira, mayi Enia ananong'oneza mwana wawo, ndipo Ruvarashe anatsitsa windo osamuyang'ana Kalebe. "Akuti musamuke padzuwapo, mukhale pamthunzi. Akutinso nthochi muziphimbe ndi masamba, zingade."

"Uwauze kuti ndamva," anatero Kalebe.

Galimoto inakwera n'kubisika pakhona. Iye anathyola masamba, kuphimba mikoko, n'kukhala pamwala. Mmodzi wa amayi a mapeyala anamuyang'ana kwa nthawi, kenako anafunsa mnzake mokweza, kuti iye amve bwino, ngati uyu ndi mnyamata uja womata matayala pa Hauna.