Utoto Wofiira pa Muwanga wa Amayi

"Mwawagulitsa amayi, atsibweni! Mlongo wanu weniweni, mwamupereka kwa anthu a magetsi!"

Ndinawakalipira choncho a Sebastiao pakhomo la shedi yosankhiramo fodya, azimayi onse a pa benchi akumva. Chikhatho changa chinali chofiira. Popita ku mjigo m'mawa umenewo ndinaona mtanda wa utoto pa muwanga wa m'mphepete mwa nkhalango, umene uli kumutu kwa manda a amayi, ndipo ndinayesa kuufufuta ndi dzanja.

"Tsitsa mawu, Jenifa," anatero atsibweni. "Sindine mnzako wa ku mjigo."

Chinali chaka cha chilala, 1992. Kampani ya magetsi inafika m'mapulazi a ku Centenary, kuno kudziko la Ashona, ndi mawu omveka: nkhuni zowotchera fodya zamaliza mitengo, nthaka ikukokoloka, mvula ikuthawa. Anati akokera waya ku mabalani a fodya kuti makina opemerera aziyendetsa kutentha, nkhuni zizilowa zochepa. Ine sindinatsutse. Ndinakula ndikuona mapiri athu akumetedwa mpala. Papulazi lonse panatsala nkhalango imodzi yokha, ya manda a ife a m'komboni, poti kumeneko nkhwangwa siilowa. Wayayo anailunjikitsa m'menemo.

"Munthu wa kampani woyeza njira ya waya uja anakufunsani, inu monga wamkulu wa komboni," ndinatero. "Munamuyankha chiyani?"

Anandikokera kuseri kwa shedi. "Ndinati hapana chinhu, palibe kanthu, ndi thengo chabe."

"Thengo!"

"Ukanafuna nditani? Kuseri kwa manda kuli dambwe. Ndikanati muli manda, akanafuna kulowa ndi chingwe chake choyezera, n'kuona zimene munthu wosameta saloledwa kuona. Mlendo akafunsa za nkhalango ija timayankha choncho. Agogo ako ankayankha choncho kuyambira pamene anachoka ku Dedza."

"Agogo ankayankha anthu odutsa. Uyu anabwera ndi pepala."

Anatosa pansi ndi chala cha kuphazi. Kenaka anati, motsitsa, "Ndiponso ndife alendo kuno, mwana wa mlongo wanga. Manda aja mzungu anatilola ndi pakamwa pokha."

Loweruka a kampani anabwera ndi lole yodzaza mbande za bulugamu. Anaimika tebulo pabwalo la komboni, pafupi ndi sitolo. Mkulu wawo, bambo wa Chishona dzina lake a Gwenzi, analengeza kuti pa mtengo uliwonse umene adule adzabzala khumi, ndipo odula ayamba Lolemba. Anthu anawomba m'manja chifukwa folomani anali atawomba.

Aliyense ankalandira mbande ziwiri. Itafika nthawi yanga ndinaziyika pansi.

"Bambo, mbandezi ndikazibzale pati? Pamimba pa amayi anga, mukamaliza kuwapondetsa thirakitala?"

Folomani anadzuka kuti andichotse, koma a Gwenzi anamuletsa ndi dzanja. "Sisi, mukuti chiyani?" Chinyanja chawo chinali chopunduka, koma ankayesetsa.

"M'nkhalango muja muli anthu. Amene anadula mitengo ya pulazi lino, atalamulidwa, agona pansi pa mitengo yokhayo imene sanaidule. Inu mwabwera kudzateteza mitengo, n'kuyambira kudula yomweyo?"

Nkhope yawo inagwa. Anatsegula chikwama n'kutulutsa pepala. Pansi pake panali chidindo cha chala chachikulu.

"Tinafunsa," anatero. "Lamulo lathu limati tifunse za manda ndi malo opatulika. Apa palembedwa kuti palibe. Inenso ndinaika bambo anga m'manda, sisi, sindine nyama. Waya ikhoza kukhota, kudzera kumunsi kwa damu. Koma ku ofesi sangakhotetse waya chifukwa cha mawu a munthu mmodzi wokwiya. Amene anadinda apa anene yekha kuti analakwitsa, ndipo ine ndikaone mandawo ndi maso anga, lero lomwe."

Bwalo lonse linatembenukira kwa atsibweni. Iwo anali atakhala pa chitini, chipewa chili pabondo.

Mkulu wina wa gule, a Christmas, anayankhula ali chikhalire. "Akafuna kulowa agule njira. Nkhuku imodzi, timumete, alowe ngati mwana wathu."

"Ine ndine mlaliki wa mpingo, sekuru," anatero a Gwenzi. "Akamva kwathu kuti ndameta ku gule, ndikapemphera kuti?"

Ena anaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali.

"Sakufuna dambwe lanu," ndinatero. "Akufuna kuona milu ya dothi. Amuna inu mungathe kupita kukaphimba zanuzo ndi udzu, n'kumuyendetsa m'mphepete. Pa maliro mumatiloleza ife akazi kufika pamanda, ndipo dziko silinagwe."

"Mwana wamkazi sangatiphunzitse mwambo," anatero a Christmas.

"Lolemba makina odulira akuphunzitsani. Akalowa anyamata khumi osameta, ndipo sakagula njira kwa munthu."

A Gwenzi anayang'ana wotchi yawo, n'kutulutsa cholembera, n'kuchigwira pamwamba pa pepala lija. Dalaivala wa lole anali atayamba kale kumanga zingwe.

Ndinapita pamene panali atsibweni n'kugwada, monga amayi anandiphunzitsira.

"Atsibweni, dothi loyamba pa bokosi la amayi anga a Felizarda munaponya ndinu. Bambowa akudikira, ndipo sabweranso. Mlongo wanu ali m'nkhalango muja kapena mulibe? Dzukani muwayankhe!"