Mbale za pa Mitumbira

Ntchito ya a Luckson inali yosunga zakale. Anthu pa boma la Mwanza ankaiseka, amvekere munthu wamkulu ndevu pepeya kumalawirira m'mawa kukalondera ng'oma zobooka. Koma chaka chimene anaganiza zokuza malo oimikapo mathiraki kufupi ndi malire, kaofesi kawo kanakumbukiridwa. Pamalopo panali manda, ndipo wosamutsa manda anali iwowo.

Manda ake osakanikirana ngati anthu pamsika. Kumtunda Akhristu ndi mitanda yawo, pambali Asilamu ndi miyala yozika kumutu, ndipo kumunsi kunagona anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Amenewa analibe simenti, analibe dzina. Wofedwa ankangotenga mbale kapena kapu ya malemu, n'kuiboola pansi, n'kuivundikira pa mtumbira. Chizindikiro chinali chomwecho basi.

A Luckson anali atafukula anthu ambiri moti mtima unachita dzanzi kalekale. Fupa kwa iwo linali fupa. Sankalota, sankanyansidwa, masana ankadya chipisi chawo bwinobwino atakhala pafupi ndi dzenje.

Tsono kunamveka kuti kubwera akuluakulu kudzaona malowo. A Luckson anaitana aganyu n'kuwauza kuti pakhale poyera, pasaoneke chinyalala. Mmodzi mwa aganyuwo anakanda m'mutu.

"Nanga mbalezi, bwana?"

Bwana anali pa foni, kukangana ndi kalipentala wa mabokosi. Osacheuka n'komwe anangoti, "Ndati chilichonse."

Abale inu, kumvera kwinaku! Anthu aja anatchetcha, anasesa, anatola mbale zonse zadzimbiri ndi makapu omwe, n'kuziunjika mulu umodzi pansi pa mtengo wa mango. Pobwerako a Luckson anapeza mitumbira ya kumunsi ili mbee, yofanana ngati mizere ya mbatata. Anauyang'ana mulu uja, anadziwa chimene achita, ndipo anadikira kuti mtima ugunde. Sunagunde. Madzi akatayika saoleka, anatero chamumtima, n'kukasamba m'manja.

Kumtunda zinayenda myaa. A Said a sitolo ya nsalu anabwera ndi shehe ndi nsalu zoyera, anatenga awo. Akhristu anabwera ndi makwaya, anatenga awo. Kunatsala kumunsi, ndipo lamulo linali lakuti opanda mwini onse akalowe m'dzenje limodzi thirakitala yosalaza malowo isanafike.

Uthenga unali utaoloka malire. Tsiku lina kunatulukira mayi wachikulire wochokera ku Zobue, mapazi ali tuu ndi fumbi, chitenje chatsopano chopinda chili m'khwapa. Anati dzina lawo ndi Rozina.

"Ndabwerera mwana wanga, bwana. Iness. Chikuku chinamutenga tili kuno kothawa. Ndinamuikira kapu yobiriwira, yothothoka pakamwa."

A Luckson anangoloza pa mtengo wa mango. Mayi aja anagwada pa mulu paja n'kuyamba kufukula ndi manja, mbale zikulira ngwere ngwere, mathiraki akudutsa pamsewu. Anafufuza mpaka dzuwa linafika paliwombo. Kenaka anadzuka, kapu ili m'manja.

"Kapu ndi iyi, bwana. Nanga mwana ali pati?"

Funso losavuta, koma ndani akanaliyankha? Adzukulu okumba manda anazyolika. A Luckson anayang'ana mitumbira yonse ija, anayang'ana mayiwo, anaganiza za thirakitala ndi dzenje limodzi lija. Chisoni sanamve, tisawanamizire. Chimene anamva n'kutopa. Anasankha kamtumbira kakafupi chapakati n'kukweza chala.

"Apo, mayi. Kapuyo ndinaiona ndekha isanachotsedwe."

Bodza lankunkhuniza, koma linatuluka mkamwa mosalala ngati moni. Adzukulu anakumba, ndipo tsoka ilo, munalidi mwana. Timafupa tochepa, tofiirira ndi dothi. Mayi Rozina anakana bokosi. Anayala chitenje chatsopano chija, anatola kamodzikamodzi akuyankhula motsitsa m'Chinyungwe, anakulunga, n'kubereka kumbuyo monga amaberekera mwana wamoyo.

"Obrigada, zikomo bwana. Zaka zonsezi ndimagona ndi diso limodzi. Mulungu akusungeni."

Anatsetsereka kulowera kumalire. A Luckson sanawafunse mudzi, sanawafunse mfumu yawo. Anakagula chipisi. Ndipo podya anadziuza kuti palibe amene walakwiridwa: mayi wapeza mwana, mwana wapeza mayi, akufa sadandaula.

M'mawa mwake kunabwera mayi wina atakwezedwa pa njinga ya kabaza. Awa anali a Liness, amene nkhondo itatha sanabwerere kwawo, anakwatiwa kwa Kanduku. Iwo pa mulu wa mbale sanayang'anepo n'komwe. Anapereka moni, anavula masilipasi, n'kuyenda pakati pa mitumbira molunjika ngati munthu wopita kumunda kwake. Anakaima pa dzenje la dzulo lija.

Anasuzumira. Anayang'ana uku ndi uku. Anasuzumiranso.

"Bwana," anatero, "Melvin wanga mwamuika kuti? Chaka ndi chaka ndimabwera kudzalambula pano. Apa pomwe, sindingasokere ine. Mwamuika m'bokosi liti?"

Adzukulu anasiya makasu. Onse anayang'ana a Luckson. Nthawi imeneyo Melvin anali kutsidya kwa malire, m'mudzi umene palibe ankaudziwa, mwina atakwiriridwa kale pa dzina la mwana wamkazi.

"Bwana, ndikufunsa inu. Mwana wanga ali kuti?"

A Luckson anatsegula pakamwa kuti anene zoona. Koma poyang'ana pansi anaona kuti dzanja lawo ladzuka kale lokha, chala chikuloza kamtumbira kena.