Banjo Yabwera Yokha

Yoramu anatsika lole pa Nsipe dzuwa lili paliwombo, mwezi wa Okutobala chaka cha 1948, kutentha kwake kosati masewera. Kumanja ananyamula sutikesi yamalata, kumsana anabereka bulangeti lokulunga, ndipo m'bulangetimo munali banjo ya mnzake Hilary. Mwini banjoyo anatsala ku Joni, m'manda a kuseri kwa komponi ya anthu ogwira ntchito mumgodi. Panali patapita masabata asanu chifuwa cha mumgodi chitamumaliza.

Kumudzi kunalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa. Hilary mwini ndiye anakaniza kalata.

"Kalata amakawerenga ndi aphunzitsi, anthu ataunjikana ngati pamsika," anatero ali gone m'chipatala. "Iwe ukapite wekha. Ukayambe kwa amalume, a Silvester, iwowo ndiwo akauze mkazi wanga. Usakamuuze panjira ngati nkhani ya mbuzi yotayika."

Mwambo wake ndi umenewo. Uthenga wa maliro sautaya pamsewu. Umakatulidwa kwa mwini mbumba, iwe utakhala pansi, chipewa chili m'manja. Mkazi akamvera panjira, ndiye kuti mwamuna wakeyo mwamuyesa galu. Tsono kuchoka pa Nsipe kukafika kwa a Silvester panali mamailosi atatu, ndipo njira yake, tsoka ilo, inkadutsa pachitsime pamene Enelesi, mkazi wa Hilary, ankatunga madzi.

Asanayende n'komwe, Sumani wa sitolo anatulutsa mutu pazenera.

"Ii, a Yoramu! Machona abwera, anthuni! Nanga kumsanako? Imeneyo si banjo ya Hilary?"

Yoramu anagwira kumsana. Bulangeti linali litamasuka m'lole muja, khosi la banjo lili penipeni, mphonje zake zofiira zikulendewera. Mphonje zimenezo analuka ndi Enelesi, ndipo panalibe wa ku Nsipe amene sankazidziwa.

"Mwini wake watsalira pamowa ku Balaka eti?" Sumani anaseka.

 Yoramu anangogwedeza mutu, mwina kuvomera, mwina kukana, nayenso sanadziwe. Sumani sanadikire. Anafuulira amayi ogulitsa nthochi kuti Hilary wabwera, akonze miyendo, Loweruka kuli gule. Bambo wina wa panjinga anamva, n'kupalasa kuloza kumudzi, fumbi kobo. Ha! Mawu akatuluka m'kamwa sabwezeka, nanji atakwera njinga.

Yoramu anayamba ulendo, thukuta lili kamukamu. Anaima pamthunzi wa mango n'kukulunganso bulangeti, koma zinali zothandiza chiyani? Mumtima ankamukalipira mnzakeyo ngati ali pomwepo. Iwe Hilary iwe, wandisenzetsa chiyani? Bwenzi utandipatsa jekete, kapena nsapato, zinthu zosayankhula!

Banjoyo anaipanga yekha Hilary ali mnyamata, chikopa cha mbuzi, nsambo zake mawaya a buleki ya njinga. Akaikhudza paukwati, ngakhale akatekisiti ankagwedeza phazi pansi pa benchi. Ndiye anali wachipongwe munthu ameneyo! Anapeka nyimbo yonena kuti Yoramu amavina ngati ng'ombe yoponda minga, ndipo mudzi wonse unaiyimba chaka chathunthu. Yoramu anakwiya masiku awiri, lachitatu anapezeka akuiyimba yekha kudimba. Ku komponi Lamulungu lililonse amuna a ku Ntcheu ankamuzungulira, ena ndevu zili pepepe, misozi ili mbwembwembwe, chifukwa akaimba umaona phiri lakwanu. Lero banjo yomweyo inkamugunda kumsana pa sitepe iliyonse, nsambo zikulira pang'onopang'ono m'bulangeti, ndipo Yoramu anachita mantha.

Anaganiza zolambalala kudzera m'munda wa chinangwa. Koma asanapatuke anamva nthungululu. Amayi a pachitsime anali atamuona kale.

Enelesi ndiye anatsogola, akuthamanga, chilundu chitanyowa, manja akupukutira m'chiuno. Anzake ankamutsatira akumuseka.

"Thamanga, mtsikana, lero sugona ndi njala ya nyimbo!"

Anafika, nagwada pang'ono, mpweya uli wefuwefu.

"Mwafika, alamu? Mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino, alamu, kaya inu kuno."

Maso a Enelesi sanali pa iye. Anali kumsewu, kumbuyo kwake. Msewu unali mbee, munalibe munthu, koma nkhuku imodzi ikupalasa. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako maso aja anabwerera pang'onopang'ono n'kudzaima pa mphonje zofiira, zimene zinali zitatulukanso.

Yoramu anadzifunsa mumtima. Akandifunsa ndinena chiyani? Kunama sindingathe, kunena sindingathe. Mulungu wanga, mutsekeni pakamwa mayiyu.

"Nanga mwini wake mwamusiya kuti?" anafunsa mayi wina wachikulire, akuseka. "Kapena wapeza Mzulu kumeneko?"

Amayi onse anaseka. Enelesi sanaseke. Anasendera pafupi ndi Yoramu, nayankhula motsitsa, moti anamva ndi iye yekha.

"Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala nawo bambo aja. Ngakhale ine sanandilolepo kuwanyamulira banjo, olo kuchoka pakhonde kulowa nayo m'nyumba."

"Alamu..."

"Ayi, musanene kanthu. Pano ndi panjira." Anakonza chilundu chake. "Anakutumani kwa amalume, si choncho? Pitani. Ine ndili m'mbuyo mwanu."

Anatembenukira anzake n'kuwauza kuti amuonere mtsuko, akuperekeza mlendo. Mawu ake anatuluka bwinobwino, moti amayi aja anabwerera kuchitsime akuimba nyimbo ija ya ng'ombe yoponda minga.

Anayenda, Yoramu patsogolo, Enelesi pambuyo. Yoramu ankangomva mapazi a Enelesi ndi mpweya wake ukudukaduka. Denga la a Silvester litaonekera patali, kuseri kwa nkhokwe, Enelesi anayankhulanso.

"Fulumirani, alamu, chonde. Kulira kwafika pakhosi, sindingathe kukugwira nthawi yaitali."

Yoramu anaponya sutikesi m'tchire n'kuthamanga, bambo wamkulu ndevu zake, banjo ikulira kumsana. Anapeza a Silvester akusema mpini pakhonde. Anadzigwetsa pansi, navula chipewa, nati, "Amalume, ndabwera ndi uthenga wa mwana wa mlongo wanu, Hilary. Watisiya."

Atangotseka pakamwa, kumbuyo kwa nkhokwe kuja Enelesi anayamba kulira.