Mkaka wa ku Fakitale

Paison anatula sutukesi ya malemu Jairos pakhonde, navula chipewa. Anali kapitawo wa pafakitale ya mabatire a galimoto ku Halale, komwe Jairos anagwira ntchito mpaka kumwalira. Anafika kwawo kwa malemuyo ku Madzimoyo maliro ataikidwa kale.

"Azungu ati pepani," anatero. "Ati malo a Jairos sanapatse munthu. Mwana wake Edmond akhoza kupita nane."

Boaz, mkulu wake wa Jairos, anagwedeza mutu movomera. Anali mphunzitsi pasukulu ya mishoni, ndipo ndiye anakakamiza mng'ono wakeyo kusiya munda wa fodya n'kukalowa ntchito kufakitaleko. Kwa zaka zambiri ankaitama kampaniyo kutchalitchi ndi kumsika wa ku Fort Jameson: nyumba ya malata, ovololo yaulere, mkaka m'mawa uliwonse.

"Mwamva, alamu?" anatero kwa Mainess, mkazi wa malemuyo. "Kampani yosaiwala anthu ake."

Mainess sanadzutse mutu. "A Paison, auzeni alamu anga chifukwa chake amakupatsani mkaka."

Paison anapotokola chipewa chake. "Amati umachepetsa mtovu m'thupi, mayi. Timasungunula mtovu tsiku lonse, fumbi lake timapuma."

"Unachepetsa?"

Paison anayambanso kupotokola chipewa chija.

"Nkhama za amuna anga zinada," anatero Mainess. "Usiku ankagubuduka ndi m'mimba. Manja anafooka mpaka supuni inkawagwa. Ndinkati tibwerere kumudzi, iwo amvekere, 'Achimwene anauza anthu onse kuti ndili pabwino. Ndikawachititsa manyazi.'"

 Boaz anakumbukira Khirisimasi yapitayo, Jairos atagwetsa kapu ya tiyi pamaso pa abusa. Iye anamukokera kuseri n'kumudzudzula kuti wayamba mowa. Jairos anangoti, "Pepani, achimwene."

"Mnyamatayu sapita," anatero Boaz. "Kathokozeni azungu anu."

Palibe anamuyamikira. Mainess analowa m'nyumba.

Edmond anakokera sutukesi ija pafupi natulutsa ovololo ndi nsapato za bambo ake, zotuwa ndi fumbi. Kamlongo kake kanakwawira komweko, katatambasula manja kuti akanyamule.

"Dikira, Rhoda," anatero.

Anapita pamtsuko, natapa phulusa, nayamba kutsuka manja mpaka m'zigongono, chala chimodzichimodzi, ndi m'zikhadabo momwe.

"Wazionera kuti zimenezo?" anafunsa Boaz.

"Kwa atate. Sankatikhudza asanatero."

Atapukuta manja, anamunyamula mwanayo.