Sitima Ilibe Buleki

Bambo anga anaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto zaka makumi atatu ndi ziwiri. Atapuma pantchito, phazi lawo lakumanja silinapume nawo. Tikakwera minibasi, dalaivala akangoyandikira galimoto yakutsogolo, iwo ankaponda pansi mwamphamvu kufuna buleki, ndipo kawirikawiri chomwe ankaponda chinali chala cha munthu wina.

Atatha masabata atatu ali pakhomo, analengeza kuti apita ndi amayi kuchilumba kukakhala masiku atatu. Amayi amasoka makatani pakhonde, ndipo chikwatiwire anali asanagoneko kwina kupatula kumaliro ndi kuchipatala. Anangoti zikomo, n'kupitiriza kusoka. Ankayesa kuti kukacha nkhaniyo iiwalika.

Mawa lake nditaweruka kusaluni komwe ndimaluka tsitsi, ndinapeza tebulo lodyera litasanduka nyanja. Bambo anali atayalapo nsalu yabuluu ya kasitomala wa amayi. Thireyi inali chilumba. Botolo la mchere linali nsanja ya nyali yowongolera sitima, kapu yovundikira inali phanga la mileme, ndipo masupuni atatu anali njira zitatu zofikira kumeneko. Sabata yonse tinkadyera pamiyendo, chifukwa munthu sangaike mbale pakati pa nyanja.

Supuni yaikulu inali sitima, ulendo wa maola asanu. Yapakati inali boti la injini, ola limodzi ndi theka. Ya tiyi inali kandege konyamula anthu asanu ndi mmodzi. Amayi ataona chithunzi cha kandegeko pafoni yanga, anati makina awo osokera akuoneka olimba kuposa iko, n'kubweza supuniyo m'kabati. Bambo anasankha boti, ati masiku atatu ndi ochepa, sangatayire maola khumi pamadzi. Papepala anali atalemba kale kuti tsiku loyamba akwera nsanja, lachiwiri alowa kuphanga, lachitatu azungulira chilumba panjinga yopalasa anthu awiri. Ngakhale kupuma anakulembera nthawi yake, mphindi khumi ndi ziwiri.

Azakhali, mlongo wawo wa bambo, anabwera kudzabwereka ayironi n'kumva nkhaniyo. Palibe anawaitana paulendowo, koma pofika madzulo chikwama chawo chinali chitachapidwa kale, chili pachingwe. Ndiwo anawauza amayi kuti boti limadumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu, ndipo munthu amasanza mpaka zimene anadya chaka chatha. Amayi anati ngati zili choncho, iwo atsala.

Bambo anayankha kuti palibe chinthu chosaphunzirika. Iwo anaphunzitsapo gogo wina amene ankatsinzina akaona lole, ndipo laisensi anaipeza.

Loweruka m'mawa anagoneka tayala lakale pabwalo, n'kusanjikapo chitseko chomwe tinachotsa kubafa, n'kumangirirapo mipando iwiri yapulasitiki. Ine anandipatsa ntchito yogwedeza chitsekocho. Azakhali anawapatsa ndowa ya madzi ndi tsache kuti aziwaza mafunde. Bambo anatulutsanso fani ya m'chipinda mwawo kuti ikhale mphepo. Aneba anayamba kusuzumira pampanda, ena atanyamula makapu a tiyi.

Amayi anakwera ndi katani lawo ndi singano, poti kasitomala ankalifuna Lolemba. Nditagwedeza pang'ono, anandiuza kuti ndiwonjezere, zikuwawongola msana. Bambo anakhala pambali pawo akuwerenga mafunde mokweza ndi kuwalangiza kuti aziyang'ana patali. Pafunde la makumi anayi mawu awo anayamba kuchepa. Kenako kuwerengako kunasiya. Nditakweza maso ndinaona milomo yawo itatuwa, thukuta lili kamukamu.

"Iwe, imika pambali," anatero.

"Panyanja palibe pambali, bambo."

"Ndati imika."

Azakhali, amene anali kudikira mwayi wotere kuyambira ali ana, anawonjezera kuwaza. Bambo anatsika chokwawa, n'kuzimiririka kuseri kwa nyumba. Atabwerako anati mkaka wa mu tiyi unali wosasa. Tonse tinamwa tiyi yemweyo, koma palibe anatsutsa. Madzulo anatiuza kuti aganizira bwino, boti lingawavute amayi, ndiye akwera sitima.

Lolemba ndinawaperekeza ku ofesi ya matikiti kudoko. Pawindo panali mayi wina wa magalasi, ndipo kumbuyo kwathu kunali mzere wautali. Bambo anayamba ndi kufunsa ngati woyendetsa sitimayo ali ndi laisensi, anaitenga liti, ndipo anamuphunzitsa ndani. Mayiyo anayankha zonse moleza mtima. Kenako anafunsa kuti mabuleki a sitimayo anawapima liti. Mayiyo anavula magalasi n'kuwauza kuti sitima ilibe buleki, ikafuna kuima amangobweza injini m'mbuyo, iyo n'kumachepetsa liwiro pang'onopang'ono.

Bambo anagwira khoma.

"Nanga mwana atadutsa kutsogolo?"

"Panyanja, bambo?"

Mzere wonse unafa nacho chiseko. Bambo anagula matikiti atatu, n'kupempha mpando woyandikana ndi woyendetsa. Anawakaniza.

Ine ndinatsala kusunga nyumba, choncho zotsatirazi ndinazimva kwa amayi ndi azakhali, ndipo pa mfundo zambiri amagwirizana. Akuti maola asanu onse bambo anakhala pakatikati pa sitima atatsinzina, atakumbatira chikwama, pamene amayi anali pamwamba kucheza ndi aliyense. Atafika anatsika akudzandira, pepala la ndondomeko lili m'manja.

Pachilumbapo galimoto inalipo imodzi yokha, thirakitala yokoka ngolo, yomwe inkanyamula katundu wa alendo kupita kunyumba yogona. Woyendetsa wake, bambo wina wandevu, anayamba kubwerera m'mbuyo kuti ayandikire sitima. Ngolo inakhotera kumanzere, iye n'kuitsatira komweko, mpaka inagunda mulu wa makireti a zakumwa, botolo lililonse n'kuyamba ulendo wake. Amayi akuti anaona nkhope ya bambo ikuwala nthawi yomweyo. Bambo anawapatsira amayi pepala lija, n'kupita kukakwera thirakitalayo.

Masiku atatu onse amayi anayenda ndi azakhali. Nsanja anaikwera, ngakhale azakhali anathera pakati, ati nyanja ndi yomweyo, pamwamba sisintha. Kuphanga pepala linkati akhale mphindi makumi anayi, koma anakhala ziwiri, chifukwa azakhali anayetsemula, mileme yonse n'kudzuka. Panjinga amayi anakhala kutsogolo, ndipo atapalasa chitunda chonse akupumira m'mwamba, anacheuka n'kupeza mlamu wawo atakweza miyendo, akusenda lalanje. Anakagwera m'munda wa anyezi wa munthu wina, mwini mundayo n'kuwapatsa madzi osamba ndi anyezi amene anathyokawo.

Bambo ankaonana nawo pachakudya basi. Tsiku lonse ankakhala pabwalo la mpira ndi wandevu uja, atandandalika zidebe, akumuphunzitsa kubwerera m'mbuyo. Anachotsa galasi la m'bafa la kunyumba yogona n'kulimangirira pathirakitala ndi waya. Pa zithunzi zonse za ulendowo, iwo akuoneka pa chimodzi, chakumsana, atakweza dzanja.

Patatha masabata awiri chibwerereni, foni ya bambo inalira tikudya. Anali mayi mwini nyumba yogona ija, ndipo ankalankhula mokweza moti tonse tinkamva. Anati wandevu uja tsopano sanyamuka asanayang'ane pagalasi katatu. Amaima pamphambano iliyonse kudikira magalimoto, chonsecho galimoto ina kulibe. Akafuna kukhota amatulutsa dzanja kudziwitsa nkhuku. Alendo asiyidwa ndi sitima kawiri, katundu wawo akadali panjira. Anapempha kuti bambo abwerere akamuchotse zimene anamuphunzitsazo.

Bambo anati zimenezo sizichotseka, ndipo akunyadira kumva kuti munthuyo wagwira maphunziro. Amayi anapukuta m'manja n'kuwalanda foniyo. Anafunsa ngati chipinda choyang'ana kumadzi chili ndi munthu, n'kumvetsera, kenako anati afika Lachisanu.

"Mayi ake mwana, Lachisanu lake liti?" anafunsa bambo.

"Likubwerali. Malizani kudya, mundithandize kutsitsa chikwama pamwamba pa wadiropu."